Makiyi Pamfundo ya Chitenje

Ine ndine munthu wa pakamwa, sindibisa. Ndikakwiya nkhuku za anansi zimathawira kuseri kwa nyumba, ndipo amuna anga amati mawu anga amawoloka Shire osadzera pamlatho. Ndayambira pamenepa chifukwa chinthu chovuta kwambiri chimene ndinachitirapo mwana wanga sichinali kumubereka kapena kumuphunzitsa sukulu. Chinali kutseka pakamwa kuyambira madzulo mpaka tiyi wa m'mawa.

Timakhala tsidya lino la mlatho wa Mangochi, kufupi ndi pamene msewu wa ku Malindi umapatukira. Geni yanga ndi ya usipa. Ndimagula kwa asodzi, kuyanika pathandala, kenako kutumiza kumtunda ku Namwera, kumene anthu ali ndi chimanga ndi fodya koma ndiwo zimawasowa. Kwa zaka zambiri mitanga yanga inkakwera minibasi, ndipo usipa unkafika utasanduka ufa chifukwa makondakitala ankaukhalira ngati mpando. Choncho mwana wathu wachisamba atalemba mayeso a Folomu 4, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, tinagula njinga yamoto yofiira kuti azinyamula mitanga yekha. Anaphunzira, anapeza laisensi, ndipo mapewa ake anakula tsiku lomwelo.

Amene sanadutsepo msewu wa ku Namwera sangamve zimene mtima wanga unkamva. Ukangochoka kuchigwa kwathu kuno msewu umayamba kukwera phiri la Chowe, ndipo umakhota uku ndi uku osapuma, mbali ina thanthwe, mbali ina chiphompho. Pokwera palibe vuto kwenikweni. Potsika mpamene njinga imafuna munthu wamutu wake wonse, wa maso awiri owona chinthu chimodzi.

Patatha miyezi iwiri chigulire njinga ija, ndikuchapa, ndinapeza kabotolo m'thumba la buluku lake. Kanali kopanda kanthu, koma nditanunkhiza misozi inalengeza. Unali mowa uja woyera ngati madzi umene anyamata amagula m'timaokala. Tsiku limenelo ndinalankhula mpaka amayi achisilamu a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinamuuza mnyamatayo, anthu onse akumva, kuti tsiku limene adzalowenso pakhomo panga akununkha mowa kapena chamba, kapena akadzachedwa kubwera ndi njinga yanga, adzalongedze zikwama akapeze amake ena. Bambo ake anali pakhonde akusoka ukonde wa mnzawo, ndipo sanatukule mutu.

Lamulo langalo linaoneka ngati lagwira. Mwana ankafika nthawi yake, tsiku lililonse, mwazini wa pamzikiti wapafupi asanaitane anthu ku mapemphero a cha m'ma 3 koloko. Ife ndife a Chiangilikani, koma wotchi ya m'dera lathu ndi mwaziniyo. M'matumba simunapezekenso kanthu. Ndinkanyadira ndithu, mpaka ndinakafotokoza kwa amayi anzanga kutchalitchi kuti ana a masiku ano amangofuna mawu olimba. Chimodzi chokha chinkandidabwitsa: mwanayo anayamba kukonda anyezi wamuwisi ndi masamba a gwafa. Ine, m'nzeru zanga zonse, ndinkati ndi m'mimba.

Amuna anga anayendetsapo minibasi pamsewu womwewo zaka zambiri, asanasiye chifukwa cha maso. Ndi munthu woti mawu ake a tsiku lonse akhoza kukwana pa supuni. Loweruka lina mwana atafika, atalowa m'nyumba, bambo ake anandiitanira pamene mwanayo anaimika njinga. Anandionetsa kuti kalirole wa kumanzere wapindika, ndipo pachopondera panali udzu wouma ndi dothi lofiira limene kuchigwa kwathu kulibe. Anati mwanayu wagwa kuphiri, wadzuka, wadzikhutumula, watafuna anyezi, n'kufika nthawi yake monga ndinalamulira. Anati sindinamuletse kumwa ayi, ndinangomuphunzitsa kuti akamwa azithamanga.

Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi tayala.

Mawa lake titabwera kutchalitchi, bambo ake anaika mipando itatu pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndi amene analankhula, ndipo sanakweze mawu. Lamulo loyamba linali lomwe lija: mowa ayi, chamba ayi, ndipo asadzakwere njinga kapena galimoto ya munthu amene walawa, ngakhale atakhala mnzake wa pamtima. Ine ndinagwedeza mutu. Koma anapitiriza. Anati ngati tsiku lina lamulo loyambalo litamukanika, pali lachiwiri. Asanalawe kachiwiri, azule makiyi, afunefune mayi wa msinkhu wa amake pamalo pomwepo, amupemphe kuti amange makiyiwo pamfundo ya chitenje chake. Iye abwere kunyumba pa minibasi, pa lole kapena wapansi, koma njinga igone komweko.

Mwana anafunsa chifukwa chake asangopatsa mnzake. Bambo ake anati mnzako ukamuchonderera kawiri amakubwezera, mwamuna wamkulu akhoza kufuna kuyesa njingayo yekha, ndipo m'thumba lako dzanja lako limadziwa njira. Koma palibe mnyamata wa kuno, ngakhale aledzere bwanji, amene angafikitse dzanja pachitenje cha mayi wamkulu anthu akuona.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati uku n'kumupatsa mwana chilolezo choti azimwa, mwangotsala kumugulira kapu. Amuna anga anandiyang'ana ndi maso awo ofookawo.

"Amake mwana," anatero, "lamulo loyamba ndi lofuna mwana wabwino. Lachiwirili ndi lofuna mwana wamoyo. Wabwinoyo tingamuumbe pang'onopang'ono, bola akhalepo."

Ndiye panabwera lachitatu, ndipo silinali la mwana. Linali langa. Tsiku limene mwanayo adzafike wopanda njinga, makiyi atawasiya pachitenje, ine sindidzalankhula kanthu kufikira titamwa tiyi wa m'mawa mwake. Ndisadzafunse, ndisadzang'ung'udze, ndisadzamenyetse mapoto. Chilango chidzakhalapo, koma mawa. Ndinaona kakamwa ka mnyamatayo kakufuna kuseka, ndipo ndinatsala pang'ono kuswa lamulolo lisanayambe n'kugwira ntchito. Ndinavomera ndi mano okha, mumtima ndikuti tsikulo silidzafika.

Panapita miyezi, mvula inagwa n'kutha, ndipo anyezi anasiya kusowa m'khitchini. Ndinayamba kuiwala.

Tsikulo linafika m'nyengo yotentha, Loweruka. Mnzake wa kusukulu anali ndi ukwati wa mchemwali wake kumudzi wina kupitirira Namwera. Mwana anapempha kuti akatula mitanga pamsika akaonekereko. Ndinalola, poti banjalo linali lachisilamu ndipo ndinkadziwa kuti paphwando sipakhala mowa. Sindinaganize za kaokala kamene kamapezeka kuseri kwa phwando lililonse. Ananyamuka m'mawa atavala shati yoyera pansi pa jekete, mafuta onunkhira akumveka mpaka kumsewu.

Mwazini anaitana, ine ndili pathandala ndikutembenuza usipa. Njinga sinamveke. Ndinadziuza kuti paukwati mpunga umachedwa. Patapita ola ndinaimba foni, inali yozima. Ndinaimbanso kanayi, ngati kuti kuimba kwambiri kumadzutsa foni. Usipa ndinkautembenuza womwewomwewo, mpaka amuna anga anati ndiusiye, wauma kale.

Cha m'ma 4 koloko, bambo wina wa kabaza wa njinga yopalasa, amene amakonda kupumira pamthunzi wa pamsewu wathu, anaima n'kupempha madzi. Akumwa, anangotchula ngati nkhani wamba kuti kuphiri kwagwa njinga yamoto, pakona yachitatu kuchokera pamwamba, ndipo munthu amutengera kuchipatala pa lole. Ndinafunsa mtundu wa njingayo. Anati yofiira. Ndikudziwa kuti njinga za kuno pafupifupi zonse ndi zofiira, koma nthawi imeneyo padziko lonse panali njinga yofiira imodzi yokha.

Amuna anga anavala nsapato, anakwera pa kabaza yomweyo, kulowera kuchipatala cha kuboma. Anandiuza kuti nditsale, mwina mwana afika apeza pakhomo palibe munthu. Ndinatsala nditaima pamsewu, m'manja muli kapu imene bambo uja anamwera. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinkapemphera, koma pemphero lake linali lopanda mutu. Ndinkangoti abwere, abwere mulimonse, abwere akununkha chilichonse.

Dzuwa lidakalipo, minibasi yochokera kumtunda inaima patsogolo panga. Anatsika amayi awiri ndi matumba a nandolo. Kenako kondakitala anagwira munthu pamkono n'kumutsitsa pang'onopang'ono, ngati katundu wosweka. Anali mwana wanga. Shati yoyera ija inali ndi madontho a msuzi, maso ali psuu, helemeti ataikumbatira pamimba. Anali ndi manja awiri, miyendo iwiri, ndipo magazi sindinawaone paliponse. Ndinamuwerenga ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ndinachitira tsiku limene anabadwa.

Anayenda mokhotakhota kufika pamene ndinaima, n'kunjuta, kutsala pang'ono kugwa chagada. Fungo linandipeza iye asanatsegule pakamwa, ndipo silinali la anyezi.

"Amayi," anatero, maso ali pansi, "makiyi ali pachitenje."

Mantha atangochoka, mkwiyo unalowa pamalo pake wonse nthawi imodzi. Mawu anadzaza m'kamwa mpaka masaya anawawa. Ndinali nawo okwanira mudzi wonse: za manyazi, za shati, za bambo ake amene ali kuchipatala kusuzumira nkhope za anthu ovulala ndi maso osaona bwino. Pakamwa panatseguka ndithu. Iye anakweza maso pang'ono n'kundiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti akudikira kuona ngati lamulo la pansi pa mango lija linali loona. Ndikanalankhula liwu limodzi, ulendo wina akanatsika phiri ali panjinga.

Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi. Ndinamugwira pamkono, kumulowetsa m'nyumba, kumupatsa madzi, kumuikira beseni pafupi ndi mphasa. Nsapato ndinamuvula ndekha. Kenako ndinaimbira bambo ake, ndipo mawu anga onse anali akuti wafika, ndi wathunthu.

Atabwera anandiuza kuti wovulala uja anali bambo wonyamula makala amene mabuleki anamukana, ndipo anathyoka mkono koma ankalankhula. Anasuzumira m'chipinda, anaona mwana akuliza mkonono, n'kubwera kudzakhala pakhonde. Anandiyang'ana mlomo wotupawo, ndipo anati ndayesetsa. Ndinawaloza ndi chala kuti nawonso asandiyambe, chifukwa lamulo silinanene kuti iwo sindingawakalipire.

M'mawa tiyi ndinaphika mofulumira kuposa masiku onse. Kapu yomaliza itangotsika, ndinayamba. Sindinganame kuti chifundo chinandigwira n'kukhala chete ayi. Ndinalankhula zonse, ndi zina zimene ndinasunga kuchokera chaka chatha, ndipo mwanayo anazimva mutu ukumuwawa, zimene zinandikondweretsa. Bambo ake anagamula kuti njinga ikabwera ikhala mwezi wathunthu osaigwira, mitanga azisenza pamutu kupita nayo pasiteji. Mwanayo sanatsutse. Koma nditafunsa dzina la mayi amene ali ndi makiyi, anakanda m'mutu. Sankalidziwa. Ankangokumbukira kuti anali mayi wonenepa, wophika mpunga, wa chitenje chobiriwira.

Tsiku limenelo kutchalitchi sitinapite. Ndinamanga usipa wabwino m'kathumba, ine ndi iye tinakwera minibasi, ulendo wokasaka mayi wonenepa wa chitenje chobiriwira m'mudzi umene dzulo lake amayi onse anavala chitenje chofanana cha ukwati. Njira yonse ndinkamukumbutsa zimenezi.

Sitinavutike n'komwe. Njinga tinaipeza pakhonde la nyumba ina, itafunditsidwa mkeka. Kuseri amayi anali kutsuka mapoto akuluakulu a dzulo, ndipo atangomuona mnyamatayo onse anayamba kuseka. Mmodzi anaimirira, manja ali mwaye okhaokha, mpango utaphimba mutu ndi mapewa. Sanamuyang'ane mwanayo n'komwe. Anafunsa ine ngati ndine amake, ndipo nditavomera anati zili bwino, chifukwa iye sakanapereka makiyiwo kwa wina aliyense.

Anatikhazika pamkeka n'kufotokoza, Chichewa chake chikutsamira ku Chiyao. Anati mnyamatayo anabwera dzuwa lili pamutu, iye akupakula mpunga, n'kugwada mwaulemu, n'kunena kuti bambo ake anamuuza kuti akalawa zoipa azisiya makiyi kwa mayi. Iye anadabwa, poti chibadwire sanamvepo mwambo wotero, koma anamanga. Nditamva zimenezo mtima wanga unayamba kufufuma ndi kunyada. Mayiyo anakweza dzanja kuti ndidikire, nkhani sinathe.

Patapita ola, anati, mwanayo anabweranso akuseka, n'kunena kuti zinali zocheza chabe, amubwezere. Iye anakana, n'kuwonjezera mfundo ina pamwamba. Anabweranso kachiwiri ndi anzake awiri omuchitira umboni kuti ali bwinobwino, onse atatu atagwirana kuti asagwe. Anawonjezera mfundo yachitatu. Kachitatu anabwera yekha, akulira, akuti amayi anga andipha ndikapanda kufika mwazini asanaitane.

Apa ndinayang'ana pansi. Amayi amene ankatchulidwawo ndinali ine.

"Ndinamuuza kuti, mwanache, chitenje ndi ichi, ine ndaima pano," anatero mayiyo. "Ngati uli ndi manja omasulira nsalu ya mayi, masula, anthu aone. Anangoyang'ana mfundoyo, kenako anabisa manja kumbuyo. Ndiye ndinamugwira khutu mpaka kumsewu, ndinamukweza minibasi."

Mwana wanga anali atabisa nkhope m'mawondo. Ine ndinkaona phiri lija m'maganizo, kona iliyonse, ndi shati yoyera ikutsika pamenepo cha m'ma 3 koloko kuthamangira mawu anga. Pakati pa mwana wanga ndi chiphompho panangoima kansonga ka chitenje cha munthu amene sindinkamudziwa. Misozi inangoyamba yokha, ine munthu woti pamaliro ndimachedwa kulira. Mayiyo anandisiya ndilire, akukanda mwaye kumanja kwake.

Pofuna kumasula mpamene panavuta. Mfundo zitatu zija, zomangidwa ndi mkwiyo, zitanyowa ndi madzi otsukira mapoto n'kuumanso, zinalimba ngati mwala. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano, mnzake anayesa ndi foloko. Potsiriza anaitanitsa mpeni. Ndinamugwira dzanja kuti asawononge chitenje chatsopano cha ukwati chifukwa cha kupusa kwa mwana wanga. Anandichotsa dzanjalo, n'kunena kuti nsalu imasokedwa. Anadula kansongako, n'kundipatsa makiyi m'manja, mfundo yobiriwira ikulendewera pa kawaya kake. Ndinamupatsa usipa uja, ndikuchita manyazi ndi kuchepa kwake. Anaununkhiza, anati ndi wouma bwino, ndipo anabwerera ku mapoto ake.

Njinga inayenera kutsika phiri, ndipo woyendetsa analipo mmodzi yekha. Ndinamununkhiza kaye pakamwa pamaso pa amayi onse aja, iwo akufa ndi phwete. Kenako ndinamanga chitenje changa bwino, ndinakwera kumbuyo, koyamba chigulire njingayo. Ndinamugwira m'chiuno mwamphamvu mpaka anadandaula kuti akulephera kupuma. Anatsika pang'onopang'ono kwambiri moti bambo wina wa njinga yopalasa anatipitirira n'kutipatsa moni. Pakona yachitatu panali makala atamwazika m'mbali mwa msewu. Tonse tinawaona.

Titafika kuchigwa, mphepo yotentha ya kwathu itatilandira, anatembenuza mutu pang'ono n'kufunsa ngati dzulo ndinavutika kukhala chete. Ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo.

Sindinganene kuti mwana wanga anasanduka mngelo. Mwezi wake wa chilango anaumaliza akusenza mitanga, anzake akumuseka, ndipo chiyambire pamenepo njinga yagonapo kutali kamodzi kokha, makiyi ali pachitenje cha azakhali ake ku Malindi. Tsiku limenelonso ndinadikira tiyi. Pano ndi wamkulu, amayendetsa galimoto ya katundu, ndipo njinga ija inatsalira mng'ono wake, amene tinamukhazikanso pansi pa mango womwewo. Pomupatsa makiyi, wamng'onoyo anafuna kudula kansanza kakuda kolendewera pa kawaya, ati kakunyansa. Mkulu wake anamugwira dzanja ine ndisanatsegule pakamwa.

"Usachotse," anatero. "Pamenepo mpamene ndinatsalira wamoyo."